Mphindi Zimene Tinabwereka pa Pentonville Road

Nkhope ya pazenera la basi

Pali nkhope imene yakana kuchoka m'maganizo mwanga, ngakhale kuti papita zaka ziwiri chiionereni ndipo mwini wake sindinalankhule naye ngakhale liwu limodzi. Ndi nkhope ya mayi wina amene anakhala pampando wakutsogolo m'chipinda chapamwamba cha basi yofiira ya mu London, usiku wa Lachisanu lina m'mwezi wa September. Iye anali m'mwamba kuseri kwa galasi, pomwe ine ndinali chigonere pa phula pakati pa Pentonville Road, nsapato za mawilo zili kumapazi, chigongono chikuchucha magazi, anzanga oposa 100 amene ndinali nawo pa ulendowo atatsetsereka kale kulowera ku King's Cross.

Anthu akamandifunsa chimene ndimakondera masewera otsetsereka pagulu m'misewu usiku, ndimawauza za mphepo, za nyimbo ndi za magetsi a mumzinda, ndipo zonsezo n'zoona. Koma amene anasintha kayendedwe kanga m'gululi ndi mayi uja, pamodzi ndi kawotchi kamene anali atakapanira pachifuwa cha yunifolomu yake.

Usiku umene ndinkaudziwa

Ndinakulira ku Ndirande, ndipo kwathu munthu sankatuluka usiku popanda chifukwa chomveka. Wotuluka ankakhala kuti akuperekeza wodwala ku Queens, akukagona kumaliro, kapena akukalowa ntchito ya ulonda. Mnyamata wongoyenda ankaopa zinthu ziwiri, achifwamba ndi vakabu. Lamulo limene linkagwiritsidwa ntchito potola anthu usiku, gawo 184(1)(c) la Penal Code, linathetsedwa ndi khoti lalikulu mu January 2017, pa mlandu wa bambo wina wogulitsa majumbo amene anamangidwa mbandakucha akupita kumalonda ake ku Limbe. Lamulolo linatha, koma mantha amene linandiphunzitsa ndinakwera nawo ndege.

Nditafika ku London ndinalowa ntchito yosamalira okalamba m'nyumba zawo. Amene anagwirapo ntchitoyi akudziwa mmene tsiku limagawidwira. M'mawa umakadzutsa munthu, kumusambitsa ndi kumukonzera chakudya, masana umabwerako, ndipo usiku pamakhala ulendo womaliza wokamugoneka. Ulendo uliwonse uli ndi mphindi zake, kawirikawiri 30, ndipo kuchoka pakhomo lina kupita pa linzake umadalira basi. Ukachedwa pakhomo loyamba, kuchedwako umakusenza mpaka pakhomo lomaliza, kumene gogo wina wakhala pampando kuyambira 6 koloko, mankhwala ake ali m'kabati, makutu ali kuchitseko kudikira kuti kabokosi kosungira makiyi kalira liti.

Kwa zaka zinayi, usiku wa mu London ndinkauonera pazenera la basi. Ndinkakonda mpando wakutsogolo m'chipinda chapamwamba, chifukwa ukakhala pamenepo umaona maloboti akali kutali n'kudziwiratu ngati ukafika pa nthawi yake. Misewu yotchuka imene alendo amailipirira ndege kuti adzaione, kwa ine inali mtunda chabe woti ndiudutse msanga, foni ili m'manja, mtima uli pa gogo wotsatira.

Kuphunzira kuima

M'chilimwe cha 2021, ziletso za Covid-19 zitayamba kuchepa, ndinadutsa mu Hyde Park tsiku lina lopuma n'kupeza anthu akutsetsereka pa Serpentine Road, msewu wosalala wa m'mphepete mwa nyanja yaing'ono ya m'pakimo. Ena ankazemba timakapu tapulasitiki tondandalikidwa pansi, ena ankaphunzira kumene, miyendo ikunjenjemera ngati ya mwana wa ng'ombe wongobadwa. Ndinaima pamenepo ola lathunthu, ndipo mwezi usanathe ndinali nditagula nsapato zakezo kwa munthu amene anasiya kuzigwiritsa ntchito, iliyonse ya mawilo anayi a mamilimita 80 ondondozana mu mzere umodzi.

Kuyenda nazo sikunandivute kwenikweni, chifukwa ukangopinda mawondo n'kumakankha mwendo chammbali, mawilo amachita okha ntchito yotsala. Chovuta ndi kuima. Kuchidendene cha nsapato yakumanja kuli kachidutswa ka labala kamene ndi buleki, ndipo kuti kagwire umatsogoza phazi lakumanjalo, n'kutukula zala, n'kukhala ngati ukufuna kukhala pampando wosaoneka. Njira ina ndi yokoka phazi limodzi kumbuyo litapingasa, mawilo ake n'kumakhula phula mpaka liwiro litachepa. Ndinatha miyezi itatu ndikungobwereza zimenezi, nditavala chipewa cholimba pamodzi ndi zoteteza mawondo ndi manja, popeza munthu akamagwa amatsogoza manja ndipo fupa limene limathyoka kawirikawiri ndi la polumikizira dzanja ndi mkono.

Bambo wina wachikulire amene ankandiwongolera pa Serpentine Road ndi amene anandiuza za John Joseph Merlin, katswiri wopanga zipangizo wochokera ku Belgium amene ankakhala mu London m'zaka za m'ma 1700. Merlin analowa m'phwando la ku Carlisle House, ku Soho Square, atavala nsapato za mawilo zimene anapanga yekha uku akuimba vayolini, koma popeza analibe njira yoimira, anakawomba galasi lalikulu lamtengo wapatali n'kudzivulaza kwambiri. Bamboyo sankanena nkhaniyi pofuna kuseketsa. Ankafuna ndimvetse kuti pa masewerawa munthu amayesedwa ndi kaimidwe kake, ndipo anandikaniza kupita ku ulendo wa Lachisanu mpaka nditayenda kangapo ndi gulu la Lamlungu, lotchedwa Sunday Stroll, limene limanyamuka pa msewu womwewo 2 koloko masana ndipo limayenda mofatsa.

Lachisanu, 8 koloko

Ulendo wa usiku, umene umatchedwa London Friday Night Skate, umanyamukira pa Wellington Arch, chipata chachikulu chamiyala cha pa Hyde Park Corner. Salipiritsa, ndipo palibe kulembetsa. Chimene chimaulepheretsa ndi mvula, chifukwa mawilo apulasitiki sagwira pa phula lonyowa, choncho Lachisanu masana aliyense amakhala akuyang'ana kumwamba ndi pafoni. Njira imasintha mlungu uliwonse, ndipo mtunda wake umakhala makilomita pafupifupi 20, ndi kupuma kamodzi pakati.

Amene amayendetsa ulendowu ndi anthu ongodzipereka ovala zovala zonyezimira, amene amatchedwa ma marshal. Mmodzi amatsogolera ndipo palibe wololedwa kumupitirira. Wina amatsekera kumbuyo, ndipo iyeyo akakupitirira ndiye kuti ulendo wako wathera pomwepo, uyenera kuchoka mumsewu. Otsalawo amathamangira kutsogolo kukaima pa mphambano iliyonse, manja atatambasula, kuti magalimoto a m'misewu yam'mbali adikire mpaka munthu womaliza atadutsa, kenako amathamanganso kupitirira gulu lonse kuti akapeze mphambano ina. Chenjezo limayenda ngati mmene uthenga umayendera m'mudzi. Wakutsogolo akaona dzenje kapena chivundikiro chachitsulo cha ngalande amakuwa, womutsatira amabwereza, mpaka mawuwo akafike kwa womaliza. Akatukula manja m'mwamba, onse amatukula, ndipo mumadziwa kuti tikuima.

Usiku wanga woyamba tinadutsa pa Westminster Bridge. Ndinali pakati penipeni pa msewu, pamalo pamene kwa zaka zonse zija ndinkangopaona kuchokera m'basi, mtsinje wa Thames uli bii mbali zonse ziwiri, wotchi ya Big Ben ikuwala m'mwamba, nyimbo zikuchokera pa njinga yonyamula zimkuzamawu imene imayenda pakati pa gulu. Pansi pa nyimbozo pankamveka phokoso lina limene sindinalimvepo kwina kulikonse, la mawilo mazanamazana akukhula phula nthawi imodzi, lofanana ndi mvula ikamabwera kuchokera kuphiri isanafike padenga. Palibe amene anandifunsa kumene ndikupita kapena chimene ndikufuna kunja usiku. Ndinalira pang'ono pa mlatho umenewo, ndipo mphepo inaumitsa misozi ndisanafike kutsidya.

Kuyambira tsiku limenelo ndinkapempha kuti Lachisanu usiku asamandiike pa ntchito. Ndinayamba kuuona msewu ngati chinthu chimene ndalandidwa kwa nthawi yaitali ndipo tsopano ndabwezeredwa. Woyendetsa galimoto akaimba hutala pa mphambano, mumtima ndinkati adikire, ifenso ndife anthu. Maganizo amenewa ndinakhala nawo chaka chathunthu.

Mtsetse wa ku King's Cross

Usiku umene ndikunenawu tinazungulira kumpoto kwa mzinda n'kutulukira ku Angel nthawi itapitirira 9 koloko. Kuchokera pamenepo Pentonville Road imayenda pang'ono pamalo athyathyathya, kenako imatsika chitunda chachitali mpaka ku King's Cross, nsanja ya wotchi ya pa siteshoni ya sitima ya St Pancras ikuoneka kumunsi. Otsogolera anatiimika pamwamba pa chitundacho kuti gulu liunjikane, ndipo anachenjeza kuti amene sakudzidalira atsalire kumbuyo n'kutsika pang'onopang'ono. Ine ndinali nditatopa usiku umenewo, chifukwa ndinali nditagwira ntchito kuyambira 7 koloko m'mawa, choncho ndinatsalira.

Panali chinthu chimodzi chimene ndinkachidziwa koma ndinachinyalanyaza. Labala wa buleki yanga anali atadyeka kwambiri, ndipo kwa milungu itatu ndinkangoti ndigula wina mawa. Pamalo athyathyathya ankagwirabe, koma pa mtsetse umenewu nditatsogoza phazi n'kutukula zala, ndinamva kulira kwa chitsulo pa phula ndipo liwiro silinachepe. Ndinayesa kukoka phazi lakumanzere kumbuyo. Linayamba kugwira, koma wilo lakutsogolo la phazi limene ndinaimirapo linakodwa m'mphepete mwa chivundikiro chachitsulo chimene anzanga anali atachenjeza kale, ine osamva chifukwa maganizo onse anali pa buleki. Ndinagwa chammbali n'kukhukhuluzika mamita angapo. Zoteteza manja zinagwira ntchito yake, chipewa chinagunda pansi kamodzi, ndipo chigongono chakumanzere, chimene ndinali ndisanachiteteze, chinasupuka.

Wotsekera kumbuyo usiku umenewo anali bambo wa imvi, wamfupi, wa zaka za m'ma 60. Iye sanayambe wandithamangira. Anatembenuka kaye kuyang'ana kumene magalimoto ankachokera, n'kuima pakati pa ine ndi iwo, manja atatambasula, mawilo atapingasa pa mtsetsewo. Galimoto yoyamba pamzere inali basi, ndipo inaima pamtunda wa mapazi ngati 20 kuchokera pamene ndinagona. Kumbuyo kwake kunali basi ina, matakisi, ndi magetsi ofiira ndi oyera ondondozana mpaka pamwamba pa chitunda. Onsewa anali atayenda kale pang'onopang'ono kumbuyo kwathu kuyambira ku Angel.

Mpweya utabwerera m'chifuwa, ndinatukula mutu, ndipo popeza m'basi mumawala usiku, ndinaona bwinobwino munthu amene anakhala pampando wanga uja. Anali mayi wakuda wa msinkhu wa achemwali anga aakulu, atavala yunifolomu yabuluu ya osamalira odwala, chingwe cha chitupa chili m'khosi, chikwama chili pamiyendo. Pachifuwa pake panali kawotchi kaja kamene timakapanira mozondotsa kuti tikakatukula tiwerenge nthawi popanda kuvala kanthu pamkono. Ndinamuona akukatukula, n'kuyang'ana, n'kukasiya. Anatulutsa foni, ndipo sindinafunikire kumva mawu ake kuti ndidziwe zimene ankanena, chifukwa foni yoteroyo ndinaiimbapo kambirimbiri: chonde auzeni kuti ndikubwera, ndachedwa panjira, asayese kudzuka okha.

Ali pafoni choncho anayang'ana pansi n'kundiona. Ndinayembekezera mkwiyo, ndipo akanakwiya ndikanamumvetsa. Koma maso ake anachita zimene anga amachita ndikalowa m'nyumba n'kupeza gogo ali pansi. Anayamba kumutu, anatsikira paphewa, anaima pachiuno, n'kudikira kuti aone ngati mwendo ukusuntha. Anachotsa foni kukhutu, anadzuka pang'ono pampando dzanja limodzi lili pachitsulo chogwirira, ngati munthu amene akuganiza zotsika masitepe. Kenako anatambasula chikhatho chakumanja n'kuchitembenuzira m'mwamba, kundifunsa ngati ndili bwino. Munthu amene ndinamuchedwetsa ndi masewera anga anali wokonzeka kuchedwa kwambiri kuti adzandidzutse.

Ndinagwedeza mutu kumuuza kuti ndili bwino, ndipo ndinadzikakamiza kugwada, kenako kuima. Bambo wa imvi uja anandigwira pamkono n'kunditsetseretsa mpaka m'mphepete mwa msewu, ndipo asanachite china chilichonse anatembenukira kwa dalaivala wa basi, anaika dzanja pachifuwa n'kuwerama pang'ono, kenako anamukodola kuti adutse. Basi ikudutsa, mayi uja anali atakhalanso pansi, kawotchi kali m'manja. Zonsezi sizinapitirire mphindi zinayi, koma ine ndikudziwa kutalika kwa mphindi zinayi kwa munthu wa zaka 88 amene akufuna kupita kuchimbudzi ndipo sangathe kuima yekha.

Bamboyo anayang'ana chigongono changa, anandifunsa tsiku ndi dzina langa pofuna kuona ngati mutu uli bwino, kenako anawerama n'kutembenuza nsapato yanga yakumanja. Ataona chitsulo chili mbee pamene panayenera kukhala labala, sanakweze mawu. Anati, "Achimwene, mwaona mabasi aja? Palibe lamulo limene likuwakakamiza kuima ine ndikatambasula manja. Amaima chifukwa afuna. Msewu uwu amachita kutibwereka, ndiye tikamabwera kuno tizibwera titakonzeka kuubweza msanga." Ndinayankha kuti, "Ndamva, bambo, pepani." Iye anati kupepesa kwabwino ndi kugula labala, ndipo atatsimikiza kuti ndili ndi nsapato wamba m'chikwama, anatsetsereka kutsatira gulu. Ndinavula nsapato za mawilo nditakhala pakhonde la sitolo yotseka, n'kutsika chitundacho wapansi.

Kodi kwagwa maliro?

Ndinakhala milungu isanu osapita ku Wellington Arch. Bala linapola msanga, koma usiku uliwonse ndikakhala pampando wakutsogolo uja popita kukagoneka agogo amene ndinkawasamalira, ndinkadziona ndekha ndili pansi pa phula, ndipo ndinkadzifunsa kuti ndi anthu angati ovala yunifolomu amene ndinawachedwetsa chaka chonse chija ndikunena mumtima kuti adikire.

Lamlungu lina ndinawafotokozera amayi anga pafoni za masewerawa. Ndinali ndisanawauzepo bwinobwino, ndipo anamvetsera mpaka pamene ndinanena kuti magalimoto amaima kuti ife tidutse. Anandidula n'kufunsa kuti, "Aima chifukwa chiyani, mwana wanga? Kodi kumakhala kuti kwagwa maliro?" Funso lawo linali loona, chifukwa kwathu msewu umaima pa zifukwa zodziwika. Umaima ukaona masamba atayalidwa pa phula, woyendetsa njinga n'kutsika, wachipewa n'kuvula. Umaima pamene mdipiti wa galimoto za mtsogoleri wa dziko ukudutsa, ndipo umachedwa pang'ono pa tsiku la ukwati. Kuti msewu waukulu uime chifukwa akuluakulu akusewera, amayi sanakumvetse, ndipo nditawauza za mayi wa m'basi uja anangoti, "Walira mvula walira matope."

Ndalingalira kwambiri ngati n'koyenera kuti gulu la anthu osangalala liimitse anthu opita kuntchito, ndipo ndafika poti n'koyenera. Mzinda umene misewu yake ndi ya injini zokha usana ndi usiku umasandutsa anthu ake kukhala katundu wongonyamulidwa, ndipo ine ndinakhalapo katundu woteroyo zaka zinayi. Mabasi a mu London amachedwa tsiku lililonse chifukwa cha magalimoto onyamula munthu mmodzimmodzi, ndipo palibe amene amapepesa. Maola awiri pa mlungu si ambiri. Koma mfundo imeneyi siifafaniza ngongole, chifukwa mphindi zimene timatenga sizichokera kwa mzinda wopanda nkhope. Zimachokera kwa munthu wina wake, ndipo Lachisanu usiku munthuyo kawirikawiri amakhala wosamalira odwala, woyeretsa m'maofesi kapena mlonda, anthu amene sasankha okha nthawi yoyendera.

Ku Paris zinthu zinakonzedwa mwanjira ina. Ulendo wa kumeneko wa Lachisanu usiku, wotchedwa Pari Roller, unayamba m'zaka za m'ma 1990 ndipo unakula mpaka kumasonkhanitsa anthu masauzande, moti apolisi anayamba kuuperekeza, ena mwa iwo atavala nsapato za mawilo. Kumeneko woyendetsa galimoto amaima chifukwa boma lamuimika. Ku London amaima chifukwa munthu wamba wovala chovala chonyezimira wamupempha. Poyamba ndinkasirira dongosolo la ku Paris, koma tsopano ndimakonda lathuli, chifukwa limatikumbutsa pa mphambano iliyonse kuti tikupempha.

Pa mphambano

Nditabwerera, ndinali ndi labala watsopano ndi zoteteza zigongono, ndipo patapita miyezi ingapo ndinapempha kuti andiphunzitse ntchito ya ma marshal. Anandiyambitsa Lamlungu masana, ndikuyenda pambali pa munthu wozolowera, ndipo chinthu choyamba chimene anandiphunzitsa chinali choti ndisamayang'ane galimoto koma munthu amene ali mkatimo. Umafika pa mphambano gulu lisanafike, umaima poti akuone, umakumana naye maso, ndipo pokhapokha akachepetsa liwiro m'pamene umalowa kutsogolo kwake. Akatsitsa galasi umamuuza zoona, kuti ndi mphindi ziwiri kapena zitatu, osamunamiza kuti ndi kamphindi. Akakwiya sumubwezera, ndipo akaumirira kudutsa sulimbana naye, umangochenjeza anzako kuti atsegule mpata. Kulira kwa ambulansi kukamveka, ulendo wonse umakanikizidwira kumanzere nthawi yomweyo ndipo nyimbo zimazimitsidwa.

Ntchitoyi ndi yolemetsa kuposa mmene imaonekera. Pamene ena akuyenda mosangalala, iwe umathamanga kuchoka kumchira wa gulu kukafika kumutu kwake mwina kakhumi usiku umodzi, ndipo malo okongola ambiri umawadutsa utafulatira. Sindinaonenso Westminster Bridge ngati mmene ndinaionera usiku woyamba uja, chifukwa tsopano ndikakhala pamenepo maso amakhala pa mipata. Gulu likatalikirana, mphambano imatsekedwa nthawi yaitali, choncho ndimakuwa kuti akumbuyo afupike, ndipo ena amaona ngati ndine wovuta. Tisananyamuke ndimazungulira pakati pa obwera kumene n'kuwapempha kuti anditukulire chidendene chakumanja. Ndabwezapo anthu atatu chifukwa cha labala wodyeka, ndipo mmodzi mwa iwo sanandilankhulenso.

Chisangalalo sichinathe, koma chinasamukira pena. Tsopano chili pa kamphindi kamene munthu womaliza wadutsa, wotsekera kumbuyo wandikodola, ndipo ine ndikuchoka kutsogolo kwa magalimoto. Ndinatengera kwa bambo wa imvi uja chizolowezi choika dzanja pachifuwa n'kuwerama pang'ono, monga mmene timachitira kwathu polandira chinthu kwa wamkulu. Madalaivala ambiri amatukula zala ziwiri pachiwongolero, ena amayang'ana kumbali, ndipo wina anandilavulira mawu amene sindingawalembe pano.

Ndikadali pa ntchito yosamalira okalamba, ndipo masiku anayi pa mlungu ndimakhala pampando wakutsogolo uja. Kamodzi, Lachisanu lina limene ndinalephera kupeza wondigwirira ntchito, basi yanga inaimitsidwa pafupi ndi Holborn ndi mtsikana wovala chovala chonyezimira amene ndinamuphunzitsa ndekha. Ndinatukula kawotchi kanga n'kuwerenga. Gulu linadutsa m'mphindi ziwiri ndi theka, mawilo akulira ngati mvula ija, ndipo ndinafika kwa agogo nditachedwa ndi mphindi zisanu ndi imodzi. Ndinawapeza ali pampando, ndodo ili pamiyendo, ndipo ndinawapepesa ndisanavule jekete.

Lachisanu lapitali anandiika pa mphambano ina ya ku Clerkenwell, ndipo galimoto yoyamba pamzere inali basi. Ndinakumana maso ndi dalaivala, ndinamuonetsa zala ziwiri, iye n'kugwedeza mutu. Kenako ndinayang'ana m'mwamba, monga ndimachitira nthawi zonse tsopano. Pampando wakutsogolo panali mnyamata wovala yunifolomu ya alonda, atatsamira galasi, ali m'tulo. Ndinatembenukira kwa anzanga n'kukuwa kuti afupike, ndipo womaliza atangodutsa ndinachoka pamsewu basi ija n'kunyamuka, mnyamatayo asanadzuke.